Nkhani ya Damon ndi Pythias: Ubwino Wace, Zirema Zace, ndi Maphunzitsidwe Ace

Kwa aphunzitsi ndi alaliki anzanga.

Mwa nkhani zazifupi zimene ziyenda m'mabuku a ana ophunzira Cingelezi m'maiko ambiri, iripo imodzi ya abwenzi awiri, Damon ndi Pythias. Ndifuna kuipeta pano monga mai apeta mphale m'licero, kuti tione cimene ciri cakudya ndi cimene ciri gaga. Nchito imeneyi si yacabe ai, pakuti mwana wa kuno ku Njewa, kapena wa ku Chinsapo, ku Kawale ndi ku Mgona, sangathe kulambalala Cingelezi. Lamulo la maphunziro la caka ca 2013 linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira. Mayeso a Sitandade 8 alembedwa m'Cingelezi, kupatula pepala la Cicewa. Ndipo pa mayeso a MSCE wolephera Cingelezi salandira setifiketi, angakhale apambane masamu ndi zina zonse. Cifukwa cace nkhani imene tiika m'manja mwa mwana iyenera kucita nchito ziwiri: imphunzitse cinenero, ndiponso imsiyire kanthu mumtima. Tiyeni tione ngati nkhani iyi ikwanira nchito zonse ziwirizo.

1. Nkhani yace mwacidule

Pa cisumbu ca Sicily, m'mudzi waukuru wa Syracuse, munali mfumu yankhanza dzina lace Dionysius. Mfumuyo inaweruza Pythias kuti afe. Pythias sanapempha moyo, koma anapempha nthawi yocepa yokha kuti apite kwao akakonze za pakhomo pace, nalonjeza kuti adzabwera. Mfumu inaseka, pakuti ndani anamasula mbalame pa ulimbo, nayembekeza kuti idzabwerera yokha? Pamenepo bwenzi lace Damon anaimirira, napempha kuti amtsekere iye m'ndende m'malo mwa mnzaceyo, ndipo Pythias akapanda kubwera pa nthawi yopangana, aphedwe ndiye. Mfumu inabvomera. Nthawi inapita, Pythias osaoneka, ndipo anthu anayamba kumseka Damon kuti wadzitaya cabe. Koma iye sanatekeseka. Itatsala pang'ono nthawi, Pythias anafika. Mfumu inazizwa, niwamasula onse awiri, nipempha kuti ailandire ikhale bwenzi lao lacitatu.

2. Kumene icokera

Nkhaniyi si ya Angelezi ai. Ndi ya Agiriki akale. Mmodzi wa oyamba kuilemba ndiye Aristoxenus, amene ananena kuti anaimva pakamwa pa Dionysius mwini wace. Ku Syracuse kunali mafumu awiri a dzina limenelo, atate ndi mwana. Atate analamulira kuyambira caka ca 405 kufikira 367 Kristu asanabadwe. Mwanayo anacotsedwa pa ufumu pafupi ndi caka ca 344, nakakhala ku Corinth, kumene, monga anena alembi akale, anadya za uphunzitsi, naphunzitsa ana malembo. Ameneyu ndiye anasimbira Aristoxenus. Cotero nkhani imene ife tiisimba patsogolo pa bolodi inayamba kumveka pakamwa pa mfumu yosanduka mphunzitsi.

Pambuyo pace Cicero wa ku Rome anaichula m'buku lace lonena za maudindo a munthu, limene analilemba m'caka ca 44 Kristu asanabadwe. M'mabuku akale amenewa dzina la woweruzidwayo ndi Phintias. Lakuti Pythias linadza pambuyo, ndi kuphonya kwa okopera mabuku pamanja. Ku England Richard Edwardes anaiyesa sewero limene linasindikizidwa m'caka ca 1571; ku Germany Friedrich Schiller anaiyesa ndakatulo m'caka ca 1798; ku America James Baldwin, mlembi wa mabuku a sukulu, anaiika m'buku lace la Fifty Famous Stories Retold m'caka ca 1896; ndipo ku Japan Osamu Dazai anaipanganso m'caka ca 1940, nilowa m'mabuku a ana a sukulu a kumeneko.

Mphunzitsi adziwe cinthu cimodzi: osimba a pambuyo anaonjezapo zao. M'masimbidwe a Aristoxenus mulibe ulendo wa pa nyanja. Phintias anapempha nthawi yotsala ya tsiku lomwelo, nabwera dzuwa liri pafupi kulowa. Mlandu womwe unali wopeka, wakuti ayese nao ophunzira a Pythagoras, amene anthu a kunyumba ya mfumu anali kuwaseka kuti kulimba kwao nkwa pakamwa cabe. Ndipo pamene mfumu inapempha kulowa m'ubwenzi wao, iwo anakana. Namondwe ndi kusweka kwa ngalawa zimene ziri m'buku la Baldwin nzoonjezera. Zimenezi tidzazifunanso poona zirema.

3. Ubwino wace

Ubwino woyamba ndi uwu, kuti mtima wa nkhaniyi uli kale m'mwambo wathu. Makolo athu anadziwa cikole. Munthu wogwidwa ndi mlandu, wosowa colipira, anapereka wina wa mbumba yace akhale kwa mwini mlandu kufikira dipo litaperekedwa. Lero liu lomwelo tilimva pa cinkhoswe, pa mphatso imene mnyamata apatsa namwali. Tilimvanso kwa wokongoza katapila, amene asunga njinga kapena foni ya wokongola. Ana a m'makomboni a Lilongwe adziwanso za belo, kuti womangidwa aturuka pamene wina amuimira pa khoti, nalonjeza kulipa ndalama mnzaceyo akathawa. Ndipo amai ao ambiri ali m'banki m'khonde, m'mene ngongole ya mmodzi igwera gulu lonse. Tsono mukati Damon anakhala cikole, mwana wa Sitandade 6 amva msanga, wosasowa kumasulira kwakutali.

Koma onani kusiyana kwace, pakuti pamenepo ndipo pagona nkhani. Cikole ca makolo cinaperekedwa ndi mwini mbumba, ndipo woperekedwayo sanafunsidwa. Damon sanaperekedwa ndi munthu. Anadzipereka yekha, ndipo anadzipereka cifukwa ca munthu wosakhala mbale wace. Mwana akazindikira ici, wamva nkhani yonse.

Ubwino waciwiri uli m'mamangidwe ace. Anthu ace ndi atatu okha. Zocitika zace zitsatana bwino, ciweruzo, pempho, cikole, kudikira, kubwera. Ndipo funso limodzi ligwira womvera kuyambira pakati kufikira potsiriza, lakuti, Kodi adzabwera? Mwana wa Cingelezi cocepa angathe kuisimba yonse m'ziganizo khumi, wosataya kanthu kakakuru. Nkhani zambiri za m'mabuku sizitero, ukazifupikitsa zifa.

Ubwino wacitatu ndi wakuti ionetsa kulimba mtima kwa mitundu iwiri. Mukafunsa ana kuti wolimba mtima ndani, ambiri adzati Damon, popeza anaimirira pamaso pa mfumu anthu alikupenya. Koma Pythias anali atamasuka, ali kutali, popanda msilikari womlonda. Anatembenuka yekha, nayenda ndi miyendo yace kunka ku imfa. Kulimba mtima kwa pa bwalo kuli ndi oombera m'manja. Kwa m'njira kulibe mboni. Mwana amene atola ndalama ya mnzace palibe womuona asowa kulimba mtima kwaciwiriku.

4. Zirema zace

Cirema coyamba ciri pa mathero. Mfumu yankhanza isandulika mtima m'kamphindi, ndipo onse akondwera. Mwana atengapo phunziro lakuti wocita zabwino alipidwa tsiku lomwelo. Ndipo akadzakula, nakaona kuti ankhanza sasandulika kawiri kawiri, adzayesa nkhani yonse bodza. Mphunzitsi afunse cotere: Mfumu ikadapha Pythias atabwera, kodi kubwera kwace kukadakhala kopusa? Asayankhe yekha msanga. Ana alimbane nalo funsolo. Ndipo ine ndiyesa kuti mathero akale aposa atsopano. Abwenzi aja anakana mfumu, pakuti wosewera ndi moyo wa anzace sangalowe m'ubwenzi mwa kupempha kokha. Buku likasiya mbali iyi, mphunzitsi aionjeze pakamwa.

Cirema caciwiri ndi namondwe uja. Osimba a pambuyo anafuna kukometsa nkhani, naika mafunde, mitsinje yodzala, ngakhale acifwamba, kuti Pythias acedwe. Zikoma m'khutu, koma zicotsa maso a mwana pa nkhondo yeniyeni, imene inali m'cifuwa ca Pythias, ndi kuwaika pa madzi. Mwana aturuka alikukumbuka ngalawa, waiwala lonjezo. Ngati buku lanu liri nazo, zipitireni msanga.

Cirema cacitatu ndi cakuti m'nkhaniyi mulibe mbumba, mulibenso mkazi wolankhula. Mwana wa Acewa adzafunsa, ndipo adzafunsa bwino, kuti, Nanga atsibweni ace a Pythias anali kuti? Kwathu kuno woyamba kuimira munthu pa mlandu ndi mwini mbumba, si bwenzi ai. Musamletse mwana wofunsa cotero. Mumuuze kuti Damon ndi Pythias anali a gulu la Pythagoras, limene anthu ace anagawana zao, nayesana abale ngakhale sanabadwa m'mimba imodzi. Asungwana naonso asayese kuti ubwenzi wotere ngwa amuna okha. Ku mapiri a Shire akazi ali ndi ubwenzi wochedwa cinjira, wosayenda ndi magazi, wothandizana pa matenda, pa njala ndi pa maliro; ndipo m'mudzi uli wonse alipo amai amene anagonera wodwala wosakhala mbale wao m'cipatala, pansi pa kama, masabata ambiri.

Cirema cacinai ndico coopsa. Nkhaniyi ikasimbidwa mosasamala iphunzitsa mwana kuimira ali yense womucha bwenzi. Ambiri anataya ziwiya za m'nyumba cifukwa ca kuimira ngongole ya munthu amene anamdziwa mwezi umodzi. Makolo anali nayo miyambi ya mbali zonse ziwiri. Anati, Mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma anatinso, Cibwenzi ca nkhwangwa cikoma pokwera, ndiponso, Bwenzi lako ndi la wina. Damon sanaponya moyo wace pa juga. Anamdziwa mnzace zaka zambiri, namuona alikusunga mau ace m'zinthu zazing'ono. Cifukwa cace phunziro la mwana likhale lakuti, Khala munthu amene mnzako angamuimire wosaopa. Ndilo phunziro la Pythias, ndipo mwana angathe kuliyamba lero, pobweza pensulo imene anabwereka.

5. Mau ofunika kuwasamala

Liu lakuti "friend" lisenza katundu amene ife tigawira mau angapo. Tiri nalo lakuti mnzanga, limene siliima lokha lopanda mwini, pakuti timati mnzanga, mnzako, mnzace. Ndipo mnzanga angakhale amene ndakhala naye pa mpando umodzi m'minibasi kucokera ku Njewa kufikira m'tauni. Tiri nalo lakuti bwenzi, limene liri lakuya. Ndipo woposa onse timucha bwenzi la ponda apa nane mpondepo. Damon ndi Pythias ndi a mtundu wotsirizawu. Koma cenjerani pomasulira "friendship". Mukati cibwenzi, anyamata a kumbuyo adzaseka, popeza masiku ano m'tauni liu limenelo linena za mnyamata ndi msungwana. Nenani ubwenzi.

Liu lakuti "courage" linacokera ku Cifalansa, ndipo muzu wace ndi liu la Cilatini lakuti "cor", ndiwo mtima. Cotero Mngelezi ndi Mcewa anaika cinthu cimeneci pa malo amodzi, ndipo ana akondwa pomva ici. Koma pali mbuna pafupi. Kulimba mtima ndi kuuma mtima nzosiyana. Mwana womasulira liu ndi liu adzalemba kuti Damon anali ndi "hard heart", ndipo wamsandutsa Dionysius, pakuti "hard-hearted" ndiye wouma mtima. Lembani mau awiriwa pa bolodi, lina pansi pa dzina la Damon, lina pansi pa dzina la mfumu. Muwauzenso kuti "courage" ndi dzina, koma "brave" ndi mfotokozi. Tinena "He has courage" kapena "He is brave", osati "He is courage".

Liu lakuti "king" tilimasulira mfumu, koma mwana akamva mfumu aona nyakwawa ya kwao, imene iweruza pa bwalo pamodzi ndi nduna zace, imene inalongedwa ndi mbumba, ndipo akuru angathe kuidzudzula. Dionysius sanali wotero. Mabuku ambiri amucha "tyrant", liu la Agiriki limene poyamba linanena wotenga ufumu ndi mphamvu, wosautenga mwa mwambo. Mwana akapanda kumva ici adzadabwa kuti nanga nduna zinalekeranji kuletsa mfumu.

6. Za machulidwe ndi malamulo a cinenero

M'Cicewa l ndi r ndi liu limodzi, losintha pang'ono monga mwa lembo lotsogola. Cifukwa cace khutu la mwana silisiyanitsa. M'nkhani iyi cinthuci cikhoza kugubuduza tanthauzo lonse, pakuti "flee" ndiko kuthawa, ndipo "free" ndiko kumasuka. Pythias sanathawa, cifukwa cace anamasulidwa. Chulani mau awiriwa mosinthanitsa, ana akweze dzanja lamanja pomva lina, lamanzere pomva linzace, kufikira khutu litatseguka; pambuyo pace achule okha.

Maina omwe ali ndi misampha. Kwa ife th ndi t wa mpweya, monga m'liu lakuti thumba. Koma m'dzina la Pythias nsonga ya lilime ikhudza mano a kumwamba, mpweya nupita. Kwa ife ph ndi p wa mpweya, monga phiri. Koma Mngelezi awerenga Phintias ngati layamba ndi f. Ndipo dzina la Damon lichulidwe bwino, monga Deimoni, kuti ana asaliphatikize ndi "demon", ndico ciwanda. Pa "friend" ndi "trust" ana aika mau apakati, nati furendi, tirasiti, popeza cinenero cathu sicikonda kuunjika malembo otere. Musawakalipire, koma achule pang'ono pang'ono, kenaka msanga.

Ciganizo cacikuru ca nkhani yonse ndico lonjezo la Damon, ndipo m'menemo muli lamulo lobvuta. Ife tinganene kuti, Ngati sadzabwera, ndidzafa ine, ndipo -dza- aoneka mbali zonse ziwiri. Mwana atengera comweco, nalemba "If he will not come back, I will die." Mngelezi salola "will" pambuyo pa "if" m'ciganizo cotere, anena "If he does not come back, I will die." Njira yacidule ndiyo kumkumbutsa mwana manenedwe athu ena, akuti, Akapanda kubwera, ndidzafa ine; pakuti pamenepo -dza- ali mbali imodzi yokha, monga m'Cingelezi. Apange ziganizo zina za kwao: mvula ikagwa tidzabzala, ndikakhoza mayeso ndidzapita ku sekondale.

Za mlowam'malo ziripo ziwiri. Anthu onse atatu ndi amuna, ndipo ciganizo conga "He told him that he would die for him" cisokoneza ngakhale wamkuru. Ife tiri nao uyu, uyo, uja ndi mnzaceyo otilongosolera. M'Cingelezi ca ana nkwabwino kubwereza maina. Caciwiri, popeza ife tinena iye kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, ana asowa kuzolowera "she" ndi "her", ndipo nkhaniyi siwapatsa mpata. Cifukwa cace tsiku lina abwenziwo akhale asungwana awiri, ndi mfumu ikhale mfumukazi, ana asinthe ziganizo zonse.

7. Maphunzitsidwe ace

Ndipangira kuti nkhaniyi itenge masiku anai. Tsiku loyamba isimbidwe m'Cicewa, buku liri citsekere, monga agogo asimba nthano, mphunzitsi alikuti Padangokhala, ana alikuyankha Tiri tonse. Ena adzati kuteroko nkuba nthawi ya Cingelezi. Koma mwana amene adziwa kumene njira ipita sasocera ndi liu limodzi lacilendo. Mufike pamene dzuwa lapendeka, Pythias osaoneka, ndipo mulekere pomwepo. Afunseni ngati adzabwera, ndi cifukwa cace. Apite kwao alikutsutsana.

Tsiku laciwiri lembani pa bolodi mau asanu ndi atatu okha, ndi ziganizo khumi zazifupi za nthawi yapita, ndipo muwerenge nkhani yonse m'Cingelezi kufikira mathero. Tsiku lacitatu likhale la sewero. M'masukulu a kuno cipinda cimodzi cikhala ndi ana oposa 100 nthawi zina, ndi mabuku osakwanira; turukani nao pansi pa mtengo, muwagawe magulu, kuti ambiri alankhule, ndipo otsala akhale khamu lomseka Damon, pakuti wamanyazi ayamba kulankhula ali m'khamu. Tsiku lacinai likhale bwalo la mlandu: anaposa kulimba mtima ndani, ndipo kodi mfumu iyenera kulandiridwa? Ayambe kutsutsana m'Cicewa kuti nzeru zituruke, ndipo pomariza ali yense alembe ziganizo zisanu za Cingelezi zonena maganizo ace, mukhale "because" m'cimodzi ca izo. Poconga, yambani kuona ngati wamva nkhani. Zophonya za malembo zidze pambuyo.

Ciweruzo canga ndi ici: nkhaniyi njoyenera kukhala m'sukulu zathu, koma siyenera kusiyidwa yokha ndi buku. Mamangidwe ace ngabwino, mau ace ngocepa, ndipo muzu wace ukomana ndi mwambo wathu. Koma mathero ace ngotsekemera kopambana muyeso, ndipo isowa mphunzitsi woika miyambi ya makolo pambali pace.

Cotsala ndi cimodzi. Nkhani siziyenera kuyenda njira imodzi yokha, kucokera kunja kudza kuno. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo m'cinenero cathu, nituruka m'caka ca 1933, ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Cingelezi m'caka ca 1934, ndi dzina lakuti Man of Africa. Momwemonso ana athu, atatha nkhani ya Damon ndi Pythias, afunse agogo ao za abwenzi amene anaimirana pa mlandu kapena pa njala, adze nazo ku sukulu, ndi kuziika m'Cingelezi cao cocepaco. Aphunzitsi amene adzapeza nkhani zotere, kapena mau ena a ubwenzi a kwao amene sindinawachula pano, atumize kwa Mkonzi, kuti tonse tipindule nazo.

Ndine mnzanu m'nchito,
Mphunzitsi wa ku Njewa.